A Zakeyu ndi Sitima ya ku Boda

Mukafunsa pa Luchenza kuti a Zakeyu anali ndani, ambiri akuyankhani kuti ndi mdala uja ankakhala pasiteshoni kudikira sitima yosabwera. Ena amanena akuseka, ena akupukusa mutu. Onsewo sadziwa kanthu, ndipo ine zimandipsetsa mtima, chifukwa munthu akamwalira mbiri yake imatsala m'kamwa mwa anthu amene sanampatsepo ndi moni womwe. Madalawo sankadikira sitima. Ankaiopa, ndipo ine ndikuuzani chifukwa chake.

Ine kuno amanditchula amake Mwai. Mkazi wa a Zakeyu, Anesi, ndinathyola naye tiyi mzere umodzi kuyambira tili atsikana mpaka misana itakana. Nditatula dengu la kuesiteti ndinatenga lichero n'kumagulitsa nthochi ndi chinangwa chophika pamawindo a sitima. Lero ndimakhala pamsewu, pafupi ndi pamene njanji imadutsa, kulimbana ndi makondakitala a minibasi. Choncho za siteshoniyo musandiphunzitse.

A Zakeyu sanali a kuno. Anali Msena wa kumalire, kutsidya pang'ono kwa siteshoni ya Marka, kumene njanji yathu imalowera ku Mozambique. Iwo sankati Marka, ankati ku Boda. Anakwera sitima kumeneko ali mnyamata wopanda ndevu, atanyamula mphasa ndi malaya amodzi, atamva kuti kumtunda a njanji akulemba anthu. Nthawi imeneyo Luchenza inali Luchenza. Malole a m'maesiteti ankandanda pashedi ndi mabokosi a tiyi, mabogi ankadzaza n'kutsetsereka ulendo wa ku Beira. Sitima ya anthu ikaima, simukanamva mnzanu akukuitanani. Anthu a kuchigwa ankatulutsa nsomba pawindo, ife n'kukweza nthochi, kusinthana pomwepo, ndipo nthawi zina sitima inkanyamuka mbale yako ili m'katimo, iwe n'kumathamanga m'mbali mwake ukutukwana. Njanjiyo inamangidwa kalekale, pamene agogo athu ankangolowa kumene kuchokera kuseri kwa phiri la Mulanje kudzafuna ntchito m'minda ya azungu. Tinaipeza ilipo, choncho tinkaiona ngati mtsinje, chinthu chimene sichingachoke.

A Zakeyu anayamba ndi kusenza mabokosi. Kenako anawapatsa nyundo ya mpini wautali ndi sipanala, n'kukhala woyendera njanji. Ntchito yake ndi kuyenda wapansi pakati pa zitsulo ziwirizo, kugogoda, kumvetsera, kumanga pamene pamasuka, kuchotsa miyala imene yagumuka ndi mvula. Ndi ntchito ya munthu mmodzi, ndipo ndikuganiza kuti kusalankhula anakuphunzira kumeneko. Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene ogulitsa tonse tinkachikonda. Ankagwada, kuika chikhatho panjanji, kukhala chete pang'ono, kenako n'kunena kuti, "Konzani malichero, yayandikira." Sitima isanalire n'komwe, ife tinali titaima kale m'malo mwathu.

Njanji ikachoka pa Luchenza kutsikira ku Khonjeni imadutsa m'mbali mwa mudzi wa Namaheya, kwawo kwa Anesi. Mbali ina ndi tiyi wa esiteti, wobiriwira mpaka kumene maso alekezera. Mbali ina ndi mudziwo, wopanikizana ngati nkhuku m'chitete, ndipo pakati pa mudzi ndi njanji pali kankhalango ka manda. A Zakeyu ankadutsa pamenepo tsiku lililonse, ndipo n'zodabwitsa kuti njanji ya pamenepo inkamasuka kuposa ina yonse, makamaka ife tikamathyola mbali imeneyo.

"Anesi, Msena wako uja wafika kudzagogoda," ndinkatero. Iye n'kumanamizira kufunafuna nsonga za tiyi pamene anathyola kale.

Kwawo kwa a Zakeyu mwamuna amalowola mkazi n'kupita naye kwawo. Kuno ndi chikamwini. Mwamuna ndiye amabwera, kumanga nyumba pamalo a mkazi, kulima munda wa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Iwo anavomera zonsezo osawiringula. Popeza analibe mbale kumtunda kuno, nkhoswe anachita kubwereka, mnzawo wa kunjanji dzina lake a Yesaya. Anaumba njerwa okha, kuwotcha okha, kumanga nyumba ndi khitchini kuseri, n'kubzala mtengo wa mapeyala pakhomo. Anzawo ochenjera ankapeza kamalo kawokawo m'tauni, kothawirako zinthu zikadzatembenuka. Iwo ayi. Atawauza kuti asamukire ku Limbe, kumene kunali nyumba ya kampani, anakana, chifukwa Anesi sankafuna kusiya amayi ake. Ine ndinamuuza Anesi kuti mwamuna wakoyu akuthira mphamvu zake zonse padothi la eni. Anandiyankha kuti ndisiye kulosera zoipa, iye ndi wamng'ono kwa mwamuna wake, ndiye adzatsala kumuika.

Mwana anabereka mmodzi, wamwamuna, Dickson. Akanakhala wamkazi nkhani ino bwenzi palibe, chifukwa mwana wamkazi amatenga malo a mayi ake n'kusunga bambo ake pomwepo. Wamwamuna ndi wa mudzi wa eni. Dickson anakakwatira ku Phalombe, kenako analowera ku Joni, ndipo foni yake inasiya kulowa kalekale.

Akakondwa, a Zakeyu ankatisimbira za ku Boda. Ankati kumeneko dziko ndi lathyathyathya, dzuwa limaotcha mpaka njanji simungaigwire masana. Ankati siteshoniyo inali ndi khonde lalitali, pamene a malire ankayang'ana mapepala a anthu, pamene oyendetsa sitima a kuno ankasiyirana ndi a kutsidya, pamene munkamva Chisena, Chinyanja ndi Chipwitikizi nthawi imodzi. Amayi awo ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa siteshoniyo, kugulitsa nsomba zowamba. Anesi anapitako nawo kamodzi kokha, Dickson ali kumsana, ndipo anabwerako akudandaula za udzudzu mwezi wathunthu.

Kenako njira inayamba kufupika. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji kutsidya kwa malire, mudzi wa a Zakeyu unabalalika, ndipo atapita kukafunafuna m'misasa ya othawa nkhondo sanapeze ndi mmodzi yemwe. Mu 1997 madzi anadula njanji ku Chiromo, sitima n'kumathera pa Makhanga. Njanji itasintha eni, a Zakeyu anali m'gulu la amene anauzidwa kuti akapume. Madzi osefukira a 2015 ndiwo anamaliza zonse. Sitima yathu inasiya kubwera osatsanzika, ndipo ife a malichero tinasamukira kumsewu.

Chaka chotsatira, nyengo ya chiperoni, Anesi anamwalira ndi chifuwa. Uja ankati adzatsala kuika mwamuna wake ndiye anatsogola. Manda a kwa Namaheya anadzaza kale, monga mmene minda inathera, choncho anamuika kumapeto kwenikweni, mbali ya kunjanji, pafupi ndi kachipilala ka simenti kamene kamasonyeza pamene malo a njanji ayambira. Ine ndinalira mnzanga. Koma ndikayang'ana a Zakeyu ndinkalira kawiri, chifukwa ndinkadziwa chimene chikubwera.

Kuno mkazi akamwalira, pakapita miyezi mbumba imakhala pansi n'kusudzula mkamwini. Amamuthokoza, kumupatsa nkhuku ndi khasu lake, kumuuza kuti wamasuka, ndipo amamuperekeza mpaka kwawo kukamutula m'manja mwa abale ake. Samusiya panjira ngati katundu wogwa m'lole. Malo amabwerera kwa ana aakazi a mbumba. Akadzamwalira amakaikidwa kwawo, chifukwa m'manda a mbumba mkamwini salowamo.

Wosudzula anali a Peterson, mlongo wake wa Anesi, mwinimbumba. Ndi munthu wofatsa, wa tchalitchi, amenenso ndi mkamwini kwa eni ku Goliati. Tsikulo anthu anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala uja. A Peterson analankhula mozungulirazungulira ngati munthu woponda paminga, koma pomaliza anafika.

"Alamu, takhala nanu bwino. Palibe amene anganene kuti munatukwanapo munthu pamudzi pano. Koma mwambo mukuudziwa. Lero mwamasuka. Tiuzeni tsiku, tikuperekezeni kwanu."

A Zakeyu anayang'ana pansi. A Yesaya, nkhoswe yobwereka ija, anali atamwalira kale, choncho wowalankhulira panalibe.

"Sindikukana, alamu," anatero. "Koma ine kuno ndinabwera pasitima. Njira ya kwathu imene ndimaidziwa ndi ya njanji basi. Sitima ya ku Boda ikadzayambanso kuyenda, mudzandiperekeze."

Wina anaseka kumbuyo. A Peterson anapuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Mwamva nonse," anatero mofulumira, wina asanatsutse. "Sitima ikadzayenda."

Mawu onenedwa pa kusudzula, pamaso pa anthu, sabwezedwa. Nkhuku anapatsidwa, khasu anapatsidwa, koma tsiku limenelo anagona m'nyumba mwawo.

Kuyambira pamenepo anayamba kubwera kusiteshoni. Ankachoka kwa Namaheya m'mawa n'kuyenda pakati pa njanji monga kale, koma opanda nyundo. Akafika ankagwada movutikira, kuika chikhatho pachitsulo, kenako kukakhala pakhonde la siteshoni, pamene tsopano pamabisala mbuzi mvula ikamagwa. Anyamata a kabaza ankawafuulira, "Madala, yafika pati?" Iwo ankangokweza dzanja. Nanenso poyamba ndinkati asowa kwawo. Ndinkawapatsa nthochi ndi mawu otonthoza, kuti boma lidzakonza, asataye mtima, ndipo ankalandira zonse ziwiri mwaulemu.

Tsiku lina ndinamva kuti cha ku Khonjeni anthu alima mizere ya chinangwa mpaka pakati pa njanji, ndipo ena azula zitsulo kukagulitsa. Ine magazi anawira. Sitima imeneyo ndi imene inaphunzitsa Mwai wanga sukulu, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaipempherera kuti ibwerere. Ndinathamangira kwa a Zakeyu, poganiza kuti munthu amene ankathamangitsa ana oika timiyala panjanji akwiya kuposa ine.

"Achimwene, mwamva zimene achita anthu opanda nzeru aja?"

"Ndaona," anatero. "Chinangwacho chamera bwino."

Ndinawayang'ana kumaso. Ankamwetulira, kumwetulira kwamanyazi kwa mwana amene wagwidwa ndi shuga m'manja.

"Amake Mwai, inu mumapemphera kuti ibwere. Ine ndikagwira njanji n'kupeza kuli zii, ndimati zikomo Ambuye, mwandipatsanso tsiku. Ku Boda ndikapezako ndani? Anesi ali kuno. Chimene ndikufuna ine n'choti imfa indipeze sitima isanandipeze. Mwina akadzaona mtembo adzachita manyazi, n'kundiika pafupi naye."

Ndinabwerera pamalo panga, ndipo tsiku limenelo ndinakalipira kasitomala wosalakwa.

Zaka zimenezo a Zakeyu anakhala okha kwambiri. Mkamwini wosudzulidwa ali ngati mlendo amene watsanzika kale koma akadali pakhomo. Anthu samuthamangitsa, komanso mpando samupatsanso. Pa zokambirana za mudzi sankaitanidwa. Pamaliro ankakhala kumapeto. Ankaphika nyemba za kalongonda tsiku lonse monga anawaphunzitsira Anesi, kutaya madzi ndi kuthiranso ena, kenako n'kudya okha. Mapeyala akapsa ankawaika m'dengu pakhomo kuti ana a pamudzi azitenga, ndipo anawo ankatenga n'kuthawa. Kumanda munthu salowako wopanda chilolezo, choncho akamadutsa ankaima panjanji, kunja kwa mitengo, chipewa chili m'manja, n'kumalankhula ndi mkazi wawo kuchokera pamenepo. Chiperoni chikatsika, tiyi yense n'kubisika mu nkhungu, munkangoona munthu mmodzi wovala jekete lakale la njanji akuyenda pang'onopang'ono. Ine zinkandipweteka mumtima, ndipo kupatula nthochi ndinalibe chowapatsa.

Kenako wailesi inalengeza kuti njanji ya kumunsi yakonzedwa, ndipo sitima yafikanso pa Marka kuchokera ku Mozambique. Pamsika anthu anaomba m'manja. Ine ndinayang'ana kusiteshoni, n'kuona a Zakeyu atakhala, manja ali pamaondo. Anali atamva.

Nthawi imeneyo n'kuti Lilly, mwana wa mng'ono wake wa Anesi, ali pamoto. Mwamuna wake anali mlonda paesiteti, ntchito inatha, ndipo anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya kukomboni. Anali ndi ana ang'onoang'ono, wina ali panjira. Malo a Anesi, mwa mwambo, anali a Lilly. Ndinkafuna kumuda mtsikanayo, koma ndimudere chiyani? Kuno tiyi anatenga dziko lonse labwino, ife tinatsala ndi tizigamba, ndipo kazigamba kamodzi sikangafunde mabanja awiri. Anapita kwa a Peterson ku Goliati, ndipo mawu ake a Peterson anandibwerezera okha.

"Amalume, kontirakiti yatha, atipatsa notisi. Anawa ndikagona nawo kuti, mu tiyi? Munati sitima ikadzayenda. Yayenda. Simunati idzafike pa Luchenza."

A Peterson anazengereza, koma lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Anapita kwa mlamu wawo chipewa chili m'manja. A Zakeyu sanatsutse. Anangoti, "Mwanayo akunena zoona," n'kuyamba kumanga katundu.

Ine ndinati ndipita nawo. Anesi ndikanadzamuyankha chiyani kumwambako, nditasiya mwamuna wake kunyamuka wopanda ndi kamba yemwe? Ndinaphika chinangwa, a Peterson ananyamula tambala wokapereka kwa abale, tinakwera minibasi. Munthu wa njanji anapita kwawo pamsewu, kuzungulira ku Limbe, kutsika mapiri a Chikwawa, atapanikizidwa pakati pa thumba la kabichi ndi mayi wonenepa. Tiyi atatha, bulugamu atatha, kutentha kunayamba kutiphika. Tinagona ku Nsanje kwa abusa ena odziwana ndi a Peterson, m'mawa mwake n'kufika pa Marka.

Siteshoni tinaipeza. Njanji yatsopano inkanyezimira pamiyala yoyera, amuna ovala zipewa zolimba ankayendayenda. Titafunsa za sitima ya anthu anatiuza kuti imene yabwera ndi ya katundu. A Zakeyu anaima n'kumazunguza maso. Khonde lalitali lija sindinalione. Kaya linasintha, kaya ndi iwo amene analitalikitsa m'mutu zaka zonsezi, sindikudziwa. Mtengo wa bwemba kunalibe, ndi chitsa chomwe.

Anayandikira amayi ena ogulitsa nsomba n'kupereka moni wa kwawo. "Mwacherwa tani?"

Amayiwo anayankha bwinobwino, kenako mmodzi anafunsa, "Ndinu a kumtunda, eti? Chisena chanucho chikumveka Chilomwe."

Ku Thyolo anakhala Msena moyo wawo wonse, ndipo kwawo anafika ali Mlomwe. Anatchula dzina la bambo awo, la amayi awo, la mudzi. Anthu a kumeneko ndi abwino, anaitanizana, anafunsana, pomaliza anatipititsa kwa nkhalamba ina imene inkasoka ukonde. Nkhalambayo inati mudziwo ikuukumbuka, unali kutsidya. Nkhondo inauwotcha, otsala madzi anawasamutsa, ndipo pamalopo tsopano pamera bango. Dzina la banjalo inalimvapo, koma wamoyo sinkamudziwa.

Tinakakhala pamthunzi wa khoma la siteshoni, tambala ali wefuwefu. A Peterson anali ndi mlamu woti amutule, koma manja olandira panalibe.

"Bwererani, alamu," anatero a Zakeyu. "Mwandifikitsa. Pogona ndipeza."

"Ndikusiyeni ndi ndani? Ndi khoma ili?" A Peterson anapukuta thukuta, kenako analankhula ngati akudzilankhulira. "Mayi a kunyumba kwanga shuga yawavuta chaka chino. Tsiku lina nanenso adzandipatsa nkhuku. Chaona mnzako chapita." Anatembenukira kwa a Zakeyu. "Alamu, kwenikweni mukufuna chiyani?"

"Nyumba atenge Lilly. Munda atenge. Mapeyala adye ana. Ine mundipatse malo otalika ngati ine, pafupi ndi mlongo wanu."

A Peterson anagwira kumaso. "Mukanapempha munda ndikanalimbana nawo. Mwapempha chinthu chimodzi chimene sindingathe. Manda si anga, ndi a mbumba."

Patapita nthawi a Zakeyu anadzuka, kupita panjanji yatsopano ija, kugwada, n'kuika chikhatho ngakhale inkaotcha. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Ikubwera," anatero. Sanadikire kuti aione. Ananyamula thumba lawo n'kuti, "Tiyeni."

Tambala tinasiyira nkhalamba ya ukonde ija, tinabwerera atatu. Lilly anali atalowa kale m'nyumba, makatani ake ali pamawindo. Atationa anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ankalira chisoni kapena mantha. Kenako anapukuta misozi ndi chitenje.

"Bambo, khitchini ija ndi yabwinobwino. Ndisesamo."

Choncho a Zakeyu anayamba kugona m'khitchini imene anamangira Anesi, makoma ali bii ndi utsi wa moto wake. Ankati muli bwino, mumafunda. Kunena zoona, Lilly chakudya sankawamana. Kusiteshoni anasiya kubwera, chifukwa choopa chinali chitachitika kale. Ankangofika panjanji pafupi ndi manda, kukhala pachitsulo, nkhope ili kumitengo.

Anadutsa dzinja limodzi. Chiperoni chitabwereranso, m'mawa wina Lilly anawapititsira tiyi n'kupeza apita. Foni ya Dickson sinalowe. Adzukulu anafika ndi makasu awo n'kuima, kudikira kuti auzidwe pokumba. Amayi akuluakulu a mbumba anakana m'manda, ndipo sanakane mwankhanza.

"Tikalola mmodzi, mawa aliyense abweretsa mwamuna wake," anatero wamkulu wawo. "Ana athu tidzawaika kuti?"

Ena anati apite kumanda a alendo a paesiteti, kutali kuseri kwa fakitale, kumene amaika anthu osowa kwawo. Ine ndinayamba kulalata, ndipo anandikumbutsa kuti mbumbayo si yanga. Ndinakhala pansi, chifukwa ankanena zoona.

A Peterson sanakangane ndi aliyense. Anazungulira kunja kwa mitengo ya manda, adzukulu akuwatsatira, ife tikuyang'ana chapatali, mpaka anafika pa kachipilala ka simenti kaja. Anakadumpha n'kuima mbali ya kunjanji.

"Kumbani apa."

"Bambo, pamenepo si pamanda," anatero mdzukulu wina.

"Eya, si pamanda. Si pa mbumba, si pa esiteti. Ndi pa njanji. Munthuyu anabwera ndi njanji, anaitumikira mpaka kukalamba. Ku Marka ndinasowa womulandira. Mbale wake amene watsala ndi ameneyu, ndiye ndikumutula m'manja mwake."

Amayi aja anayang'anana. Mwambo sunathyoledwe, mkamwini sanalowe m'manda, ndipo anatulidwa. Amfumu anati maso awo akalamba, chipilalacho sakuchiona bwino. Adzukulu anakumba. Pakati pa Anesi ndi a Zakeyu pali kachipilalako basi, ndipo munthu atatambasula manja angagwire mitanda yonse iwiri. Tsiku limenelo ndinaimba nyimbo za maliro ndi mtima wopepuka, mpaka ena anandiyang'ana.

Mwezi wathawu kunabwera anyamata ovala majekete owala, atanyamula makina oyezera. Anayenda m'njanji, kupaka penti yofiira pamitengo ndi pamakoma. Anati njanji ya kumtunda kuno nayonso idzakonzedwa, tsiku lake sakulidziwa, ndipo chilichonse chimene chili m'malo a njanji chidzachotsedwa. Pamsika anzanga ayamba kale kukonza malichero m'maloto. Ine ndinapita kwa Namaheya, ndinaima panjanji pamene ankaima a Zakeyu. Kachipilala kaja kali ndi penti yofiira.

Lamulungu sitima sindiitchulanso m'pemphero, Mulungu ndamusokoneza mokwanira. Koma m'mawa uliwonse, ndisanayale nthochi, ndimapita pamene njanji imadutsa msewu, kugwada ndi maondo anga okanawa, n'kuika chikhatho pachitsulo. A kabaza ayamba kundifuulira, "Amake Mwai, yafika pati?" Ndimawasiya aseke. Lero m'mawa kunali zii, ndipo ndinati zikomo.